Masipika a Mlombwa Akupita ku Karonga

Tamanda mwana wanga,

Ndathawa kunyumba. Ndakhala pa benchi ku shedi kwanga kuno ku Chirimba dzuwa likadali pamutu, chifukwa ku Machinjiri kuja kwadzaza azimayi omanga katundu wako ndipo onse akuyankhula nthawi imodzi. Ine ndimangoona milomo ikuyenda. Azakhali ako andifunsa kanthu, ine ndayankha kuti eya, onse aseka, ndiye mpaka pano sindikudziwa chimene ndavomera. Ndangotenga chipewa n'kutuluka.

Za makutu angawa ukuzidziwa, koma pali china chimene sindinakuuze bwinobwino. Mawu a amuna ndimawagwirabe, makamaka akakhala a besi ngati a amuna akowa, a Gomezgani. A mayi ako ndimawamva chifukwa iwo sayankhula, amalengeza. Koma ako, mwanawe, ndi amene ayamba kundithawa. Uli ndi mawu aang'ono osalala, ndipo kuchipatala anandiuza kuti mawu oterowo ndiwo amayamba kupita, komanso akapita sabwerera. Tikakhala pafupi, milomo yako imandithandiza. Pa foni ndiye ayi ndithu, ndimangomva ngati udzudzu uli m'botolo. Mawa lole ikunyamula kupita nawe ku Karonga, ndipo chimene chikundidya mumtima ndi chakuti mwina mwana wanga ndidzamuona pa zithunzi koma osamumvanso. Zikundiwawa kwambiri, ndisakubisire.

N'chifukwa chake ndatenga pepala. Ndikati ndikulangize pamaso ndiyamba kukuwa osadziwa, iwe uyamba kuseka, ukandifunsa funso ine ndiyankha zina. Za banja akulangiza kale azimayi a kumpingo ndi azakhali ako, ine sindilowererapo. Zanga ndi za masipika awiri ndakupatsawa. Mayi ako akuti ndapenga, akuti mwana wamkazi akamapita ku banja amapatsidwa mapoto ndi mabulangete, osati mabokosi olemera ngati matumba a simenti. Koma unawapempha wekha, ndipo ine ndinakondwa mumtima ngakhale ndinayerekeza kudandaula. Uwerenge mpaka kumapeto, usadumphe monga umachitira ndi mameseji anga.

Mabokosi amenewa si chipubodi cha anyamata a masiku ano chimene chimafufuma chikangonunkhiza madzi. Ndi mlombwa weniweni. Chinali chitseko cha nyumba yakale imene ankagwetsa ku Nkolokosa, chaka chimene mayi ako anali ndi pakati pako. Ndinachisenza pamutu mpaka pa siteji, kondakitala wa minibasi anakana kuchikweza, ndinachita kupeza wa ngolo. Amene anandithandiza kuchicheka ndi malemu Che Amidu, mkulu wa ku Ndirande amene anandiphunzitsa ukalipentala, aja ankakugulira zitumbuwa ukabwera ku shedi. Iwo sankayankhula zambiri. Anapala thabwalo pang'ono, analinunkhiza, n'kunena kuti, "Ili usalipake penti, mwanangu. Ukalipaka penti usadzabwerenso pano." Tinalisalaza ndi sandipepala mpaka manja kutentha, tinalimwetsa mafuta a matabwa, pamwamba kavanishi kopyapyala, kenako phula la njuchi. Mtundu wofiirira ukuuonawo si wa m'chitini, ndi wake wa mtengowo. Ayenda maukwati ndi zinkhoswe Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa, Ndirande yense, ndipo ndi amene akulera iwe. Ndinawalakwira kambiri ndisanadziwe kuwasamala, ndiye sindikufuna kuti ukabwereze uchitsiru wanga kumudzi kwa eni.

Usadzawapake mafuta ophikira. Ndikudziwa ukuseka, koma ine bambo ako ndinachita. Tinali ndi chinkhoswe ku Bangwe, mabokosi atachita mbuu ndi fumbi la m'chilimwe, phula litandithera. Ndinalowa kukhitchini mayi ako atapita kumsika, ndinathira mafuta awo pa kansalu n'kupaka. Anawala, mwanawe, moti atsikana ankadziyang'anirapo kumaso. Ine mapewa m'mwamba tsiku lonse. Pobwerera pa pikapu fumbi lonse la msewu wa Bangwe linamatirira, mabokosi anafika kunyumba ngati mbatata zokumbidwa kumene. Patapita masiku anayamba kununkha chiwaya chosatsuka, nyerere zinapanga msewu kuchokera pakhomo, mphemvu zinalowa pa bowo la besi n'kukaswera m'kati. Mayi ako za nyererezo sanalabade, iwo ankangofuna kudziwa kuti mafuta awo anapita kuti. Ndiye imva: fumbi umachotsa ndi kansalu kofewa kouma, sikipa yakale ya thonje ndiye yabwino. Uzipukuta motsatira mizere ya thabwa, osati mozungulira ngati ukutsuka mbale. Pakakhala pothimbirira, nyowetsa kansalu, ukafinye mpaka kasiye kudontha, upukute, ndipo nthawi yomweyo uumitse ndi kena. Sopo wa ufa ayi, palafini ayi, mankhwala opopera a m'mashopu aja ayi.

Polishi wofiira wa pansi uja nayenso usamuyandikize. Mnzanga wina wa madisiko anandinamiza kuti ameneyu ndiye amautsa mtundu wa mlombwa, ine osafunsa Che Amidu ndinapaka mmawa wa ukwati. Unali ukwati wa pabwalo ku Zingwangwa, dzuwa likuswa mtengo, polishi uja anafewa. Mayi a mkwati anali atavala suti yoyera yosokedwera tsikulo. Podikira nthawi yawo ya perekani-perekani anatsamira pa sipika kuti apumeko. Atawaitana anadzuka n'kulowa m'bwalo akuvina, kumsana kuli mzere wofiira kuchokera paphewa mpaka m'chiuno. Anavina nyimbo yonse osadziwa, anthu akukhudzana ndi zigongono. Ine ndinazolika n'kumakonza waya amene sanali wowonongeka. Atauzidwa anabwera molunjika kwa ine, osakuwa, anangoti, "Bambo inu, mabokosi anuwa mwawapaka magazi a mbuzi?" Ndinasowa polowa. Mayi ako ndi amene anapita kukapepesa, anachapa sutiyo ndi mandimu, koma mzerewo sunathe wonse. Polishiyo ndinalimbana naye milungu ingapo, ndipo ukayang'ana bwino m'makona a pansi upezabe kufiira kwake. Ku Karongako anthu abwino adzakupatsa nzeru zambiri. Wina adzati oilo wakuda wa galimoto amathamangitsa chiswe, wina adzati polishi wa nsapato, wina vaselini. Uziwathokoza bwinobwino, koma usachite. Ngati mtima wakukakamiza kuyesa china chake, yesera kunsi kwa bokosi kumene munthu saona, ndipo udikire kuti uone chimene chichitike.

Pa ukwati uliwonse pamakhala munthu amene akaona sipika amaona tebulo. Tsiku lina ku Chilomoni ndinangotembenuka pang'ono, wina n'kuikapo botolo lozizira. Pofika madzulo pamwamba panali mkombero woyera. Mwaphuma ndinatenga sandipepala wokhakhala n'kuyamba kupala, ndiponso modutsa mizere. Mkombero unachoka inde, koma panatsala chigamba chotuwa chachikulu kuposa dzanja langa. Che Amidu ataona anapukusa mutu. "Madzi anangolowa pansi pa vanishi, ankafuna potulukira," anatero. "Iwe ndani anakuuza kuti ugwetse khoma lonse?" Kenako anandionetsa pa tebulo la kasitomala limene linali ndi vuto lomwelo. Anapinda kansalu kouma, anakaika pa mkomberowo, anatenga simbi yofunda chabe, n'kumaikapo pang'ono, kuchotsa, kuyang'ana, kuikanso. Mkombero unazilala ine ndikuona. Ukatero usagwiritse simbi yotentha ngati ya yunifomu, ikhale yoti ukhoza kuigwira ndi dzanja mwachangu. Ngati ndi ya makala, idikire ipole. Koma chabwino n'kusalola chilichonse pamwambapo. Kapu ya tiyi ayi, kandulo magetsi akazima ayi, mphika wa maluwa ayi. Nkhondo ya maluwa imeneyi ndamenyana ndi mayi ako moyo wanga wonse, iwo amati sipika yopanda kansalu koluka ndi duwa pamwamba ndi yamaliseche. Magazi awo uli nawo, ndiye ndikukuchenjezeratu.

Si chipsera chilichonse chimene uyenera kuchichotsa. Pa kona ya kumunsi ya sipika imene timaika kumanzere pali timadzenje ting'onoting'ono tondondozana. Amenewo ndi mano ako. Pamene ankamera unkakwawira pamenepo n'kumaluma, dovu chuchuchu, tikakuchotsa unkalira ngati takulanda bere. Anthu angapo andiuzapo kuti ndisalaze, ine ndimangoti ndiiwala. A Gomezgani akadzatenga sandipepala kuti akuthandize, uwauze kuti pamenepo mwini wake anakaniza.

Madzi oopsa kwenikweni si a m'botolo, ndi amene suwaona. Tikukhala lendi ku Ndirande, nyumba ija ya kumunsi kwa phiri, malo anali ochepa, ndiye ndinakankhira mabokosi kukhoma, pa simenti penipeni, n'kuwafunditsa pulasitiki kuti asalowe fumbi. Ndinkaona ngati ndachenjera. Mvula inagwa, chiperoni chinabwera, ine osayang'ana. Nditawasuntha, kumbuyo konse kunali nguwi yobiriwira, kunsi kutada, polumikizira pamodzi patayasama moti chala chinkalowa. Ndinakhala pansi n'kugwira mutu, mayi ako anaganiza kuti ndalandira uthenga wa maliro. Kuyambira pamenepo sakhalanso pansi. Ndakuikira timatabwa tokwezera m'katoni ya nsapato, uziwakhazika pamenepo, ndipo pakati pa bokosi ndi khoma pazilowa dzanja. Thabwa limafuna mpweya, Tamanda. Ukafuna kufunditsa, funditsa chitenje chakale, pulasitiki imatulutsa thukuta. Pokolopa usafike ndi chikolopa chodontha m'mphepete mwake.

Ku Karonga sindinafikeko, koma amene anafikako akuti dzuwa lake silichita nthabwala. Kuno mdani wanga anali chinyezi, kumeneko wako adzakhala kutentha. Usawaike pawindo. Dzuwa likamawomba mbali imodzi tsiku ndi tsiku, mbali imeneyo imatuwa, vanishi amachita timing'alu, ndipo abale awiri obadwa pa chitseko chimodzi amayamba kuoneka ngati sadziwana. Ngati nyumba yanu ilibe siling'i, uwaike kumene malata satentha kwambiri, ndipo nthawi zina uziwasinthanitsa malo. Ukamasesa uziwerama n'kuyang'ana kunsi. Ukaona kanjira ka dothi kakukwera khoma chapafupi, chimenecho ndi chiswe, usati ndiona mawa. Mlombwa sachita kudyeka msanga, koma timatabwa ta m'kati togwira sipika ndi ta paini. Uziwerama, mwanawe, usaiwale.

Pali nthawi imene ndinatsala pang'ono kuwapha ndi manja angawa. Kunabwera fasho ya kapeti. Anyamata onse a kuno ku Chirimba ankakhoma mabokosi a chipubodi n'kuwakuta kapeti yotuwa, makona a chitsulo, ndipo makasitomala anayamba kunena kuti anga akuoneka ngati kabati ya agogo. Mawu amenewo anandilowa. Ndinagula kapeti ndi guluu, ndinapaka mbali imodzi n'kumata. Nditaima patali kuti ndione, mtima unangoti zii. Linali bokosi ngati la aliyense. Ndinamatula tsiku lomwelo, koma guluu anali atagwira kale, ndipo ndinamuchotsa pang'onopang'ono ndi chikhadabo ndi kansalu mpaka zala kusupuka. Iwe unali ku pulayimale, unkandithandiza kutola tizidutswa ukuganiza kuti ndi masewera. Ndikunena izi chifukwa ndinaona mmene a Gomezgani ankawayang'anira tsiku lija anabwera kudzawayeza. Ndi munthu wabwino, waulemu, ndamukonda. Koma ndi wachinyamata, ndipo tsiku lina adzati tiwapake penti yakuda agwirizane ndi TV. Usadzakangane nawo. Udzawapatse kansalu ndi phula kuti apake okha mbali imodzi, dzanja likazolowera thabwa limeneli silifunanso penti. Kapeti ndiye usadzalole ngakhale atakunyengerera bwanji, chifukwa chake ndikuuza kumapetoku.

M'katoni momwemo muli chitini cha phula la njuchi limene ndasungunula ndi mafuta a matabwa, ndakonza dzulo. Usapake kawirikawiri. Kamodzi mvula isanayambe, kenanso ikatha, basi. Uyambe wapukuta fumbi, utape pang'ono ndi kansalu, pang'ono zedi ngati ukupaka mwana mafuta kumaso. Ulisiye likhale kanthawi, kenako upukute ndi kansalu kena kouma mpaka dzanja lizitsetsereka. Ukaona chala chikusiya chidindo, wachulutsa. Usafike nalo pa nsalu ya kutsogolo kapena pa pepala la sipika yeniyeniyo. Ndipo nsanza zimene wapakira usaziunjike pamodzi. Ine ndinaziponya mu katoni pakona ya shedi ino n'kupita kukadya chipisi pa msewu, pobwera ndinapeza utsi ukufuka popanda amene anayatsa machesi. Nsanza za mafuta amenewa zimatentha zokha zikapanikizana. Akanapanda kukhala amayi ogulitsa nthochi apa amene anathira ndowa ya madzi, bwenzi shedi ino ili phulusa. Uziziyanika panja chimodzichimodzi, zikauma uzitaye.

Mawa pokweza m'lole ndidzakhalapo, koma madalaivala samvera munthu wogontha, ndiye iwenso ukhale maso. Akulungidwe m'mabulangete, ayang'anizane nkhope ndi nkhope, ndipo pamene chingwe chikudutsa pakona paikidwe katoni, apo ayi chidzadya thabwa ulendo wonse. Asakhale pafupi ndi chigubu cha palafini kapena mbaula. Mukafika usawalumikize tsiku lomwelo, ayambe apuma azolowere mphepo ya kumeneko. Nawenso udzatero, usadzadzikakamize kuzolowera tsiku limodzi.

Za voliyumu ndinene mwachidule chifukwa umboni wake ukuuona wekha. Zaka zonsezi ndinkaima kutsogolo kwa masipika kuti ndimve ngati besi ikugunda bwino. Mayi ako ankati ndiziika thonje m'makutu, ine ndinkati wa zoimbira wovala thonje ndi wa chiyani. Lero ndi ine ndikuvomera zinthu zimene sindinamve. Usakweze mpaka mawindo kunjenjemera, ndipo Mulungu akadzakupatsani mwana, asamakwawire kutsogolo kwake nyimbo zikulira. Kuluma kona akhoza kuluma, zimenezo ndaloleza.

Ukudziwa chimene chidzachitike ukamaimba foni? Adzayankha mayi ako. Mudzacheza mpaka foni kutentha, iwo akuseka, akudabwa, akugwira pakamwa, ine ndili pambali ndikuyang'ana ngati mlendo. Akadzadula ndidzafunsa kuti wati chiyani mwana, iwo adzati, "Akuti ali bwino." Basi. Nkhani yonse ija, akuti ali bwino. Sachita dala, ndi mmene alili. Koma ine sindifuna chidule, Tamanda. Ndimafuna mmene umayambira nkhani pakati, n'kubwerera kumayambiriro, n'kuseka usanafike poseketsa. Unkatero kuyambira uli wamng'ono, ukabwera kusukulu n'kukhala pa benchi ino miyendo ili lendelende, ine ndikupala matabwa, iwe ukundiuza za aphunzitsi ndi za anzako amene sindinawaonepo. Nthawi zina ndinkati khala chete ndikuyeza. Lero ndikanapereka shedi yonseyi kuti ndimvenso phokoso limenelo. Ndinayesa kulumikiza foni ku ampu yokwezera mawu ija, ndinauza mayi ako kuti aimbe ali panja. Sizinathandize. Mawu a pa foni amafika ataphwanyika kale, ukawakweza umangokweza zophwanyikazo.

Tsopano ndikuuze chimene chinachitika Loweruka pa ukwati wako, chifukwa anthu akunena zosiyanasiyana. Pamene unatenga maiki kuti uthokoze makolo, ine ndinali nditachoka pa mpando wa ulemu uja anandikhazika, ndinakaima pambali pa sipika monga ndinazolowera. Ndinkaona pakamwa pako pakuyenda, anthu akuomba m'manja, azakhali ako akupukuta misozi, ine osagwira ngakhale liwu limodzi. Mwana wanga akundithokoza pamaso pa anthu, ine osamva. Ndinangotsamiritsa mutu pa bokosi, tsaya ndi fupa la kuseri kwa khutu zinagunda thabwa. Pamenepo ndinakumva. Osati ndi khutu, mawu analowera m'fupa, koma anali ako enieni, osalala, ndi kakunjenjemera kaja umachita ukafuna kulira. Unkati, "Adadi anga samayankhula zambiri zachikondi, koma sanandisiyepo pa siteji ya minibasi ndekha." Ndinamva zonse mpaka pamene unati zikomo. Sindinasunthe. Ena akuti ndinaledzera, ena akuti shuga inatsika, mayi ako anabwera kudzandikoka jekete kuti ndikuchititsa manyazi. Sindinauze munthu aliyense, ndiwe woyamba.

Usiku wake ndinaganiza zokuuza kuti masipika asapite. Ndinaganiza ndithu. Koma akatsala kuno adzakhala akulankhula za anthu ena, chifukwa mwini mawu ali ku Karonga. Kuli bwino apite kumene kuli iwe. Ndiye ukamawapukuta, ukamawakweza pa timatabwa, ukamakana kapeti ndi penti ndi mafuta a anthu, udziwe kuti sukusamala katundu wa pabalaza. Pamenepo ndi pamene ndidzaike tsaya langa. Ndidzabwera, mwanawe. Msana ukhoza kudandaula ndi basi ya ulendo wautali choncho, koma ndidzabwera, ndipo ndikadzafika usadzavutike ndi kundiphera nkhuku. Udzalumikize maiki, ndaiika m'katoni momwemo pamodzi ndi ampu yaing'ono, udzakhale pa mpando n'kundiuza nkhani zonse zimene mayi ako anazidula.

Koma Karonga ndi kutali, ndipo makutuwa sakundidikira. Sindikudziwa kuti pofika nthawi imeneyo fupali lidzakhala likugwirabe ntchito. Ndiye ndili ndi pempho limodzi. Masipika sindinawamasule, mawaya onse ali m'malo mwake pabalaza, ndauza mayi ako kuti asakhudze. Mawa mmawa lole isanafike, anthu asanadzaze pakhomo, udzuke msanga. Usadzandithokoze, zimenezo unachita kale. Udzangotulutsa maiki m'katoni muja, uilumikize, n'kuyankhula zilizonse, za nsapato imene yasowa, za azakhali ako, za mantha amene uli nawo, ngakhale kundinena za chipewa changachi. Uyambire pakati ngati ukufuna. Ine ndidzagwada pambali pa sipika ya kumanja, mayi ako aseke mmene angathere.

Ukadzaona ndatseka maso usadzasiye, Tamanda. Ndiye kuti ndikukumva.

Ndine bambo ako,
amene akukusowa usananyamuke